Chilembo K pa nyimbo za Scarlatti ndi ulemu woyenera Ralph Kirkpatrick

Wophunzira Piyano:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha thandizo pa nkhani imene yandizunguza mutu kwa masabata angapo. Aphunzitsi anga andipatsa sonata (nyimbo yoimbidwa pa chida, yopanda mawu) ya Domenico Scarlatti kuti ndiyikonzekere, ndipo pamwamba pa pepala palembedwa kuti K. 380. Nditafuna kumva mmene akatswiri amayiimbira, ndinapeza chimbale chakale cha Vladimir Horowitz, koma pamenepo nyimbo yomweyo yalembedwa kuti L. 23, ngakhale kuti manotsi ake ndi omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chinanso n'chakuti ine ndinkadziwa kuti chilembo K chimaikidwa pa nyimbo za Mozart, ndiye sindikumvetsa kuti chafika bwanji kwa Scarlatti. Amene akudziwa andimasulire.

Aphunzitsi Opuma:
Mwanawe, wafunsa bwino, ndipo osindikiza sanalakwitse. K wa Mozart ndi Ludwig von Köchel, amene anatulutsa mndandanda wa nyimbo za Mozart mu 1862, pamene K wa Scarlatti ndi munthu wina, Ralph Kirkpatrick wa ku America, katswiri woimba harpsichord (chida chakale cha makiyi chofanana ndi piyano), amene anabadwa mu 1911 ku Leominster m'chigawo cha Massachusetts n'kumwalira mu 1984. N'chifukwa chake osindikiza ena amalemba Kk. pa nyimbo za Scarlatti kuti anthu asasokoneze awiriwa. L uja ndi Alessandro Longo wa ku Italy, amene kuyambira mu 1906 anasindikiza sonata 545 za Scarlatti ndi kampani ya Ricordi.

Kusiyana kwa manambala kuli ndi chifukwa chake. Longo anasanja nyimbozo m'timagulu potengera kiyi imene iliyonse ilimo, monga momwe iye anaonera kuti zingakomere woimba piyano, osalabadira kuti iti inayamba ndipo iti inatsatira. Kirkpatrick anabwerera ku mabuku akale olembedwa pamanja, amene amasungidwa ku Venice ndi ku Parma, n'kusanja nyimbozo motsatira zaka zimene zalembedwa pa mabukuwo ndiponso malo a nyimbo iliyonse m'kati mwake. Mndandanda wake wa sonata 555 unatuluka mu 1953 m'buku lake lonena za moyo ndi nyimbo za Scarlatti, limene analigwirira ntchito zaka pafupifupi 12. Choncho K. 380 ndi L. 23 ndi nyimbo imodzi, monganso K. 9 ndi L. 413, kapena K. 141 ndi L. 422.

Popeza nkhaniyi yabwera, ndikufuna kuika ganizo langa pamaso pa gulu. Timakamba kawirikawiri za opeka nyimbo a nyengo ya Baroque, nyengo imene Scarlatti anakhalamo, koma anthu amene anafukula ntchito zawo m'nyumba zosungiramo mabuku timawadutsa ngati chitsa. Ndikupempha kuti tipatule nthawi yolemekeza Kirkpatrick pomvetsera ndi kukambirana nyimbo zimenezi motsatira mndandanda wake.

Mtsogoleri wa Kwaya:
Aphunzitsi, kufotokoza kwanu kwandifika pamtima chifukwa vuto la manambala ife a kwaya timalidziwa bwino. Mukapita ku maliro kumene kwasonkhana anthu a mipingo yosiyana, wotsogolera akatchula nambala ya nyimbo, aliyense amatsegula buku lake n'kupeza nyimbo ina, mpaka wina ayambitse mzere woyamba ndi pamene onse amagwirizana. Koma nyimbo za kutchalitchi zili ndi mawu amene amatipulumutsa, pamene sonata 555 zopanda mawu ndiponso zopanda mayina sizingatchulidwe mwanjira ina koma nambala basi. Komabe ndili ndi funso, ndipo mundikhululukire ngati likumveka lachipongwe. Kodi kuika manambala pa nyimbo za munthu wina ndi ntchito yoti tiyichitire mwambo? Ine ndimaona ngati ndi ntchito ya kalaliki.

Wosunga Mabuku:
Bambo a kwaya, funso lanu si lachipongwe, koma ndikuganiza kuti mukachepetsa ntchitoyo n'chifukwa chakuti simunaone chimene munthuyu anakumana nacho. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono.

Scarlatti anabadwira ku Naples pa 26 Okutobala 1685, chaka chomwe anabadwanso Bach ndi Handel, ndipo anamwalira ku Madrid pa 23 Julaye 1757. Koma pamene za Bach ndi Handel tili ndi makalata, ziphaso ndi nyimbo zolembedwa ndi dzanja lawo, Scarlatti anasiya zochepa modabwitsa. Pa sonata zake zonse palibe ngakhale imodzi imene yatsala yolembedwa ndi dzanja lake, ndipo kalata yake imene ikudziwika ndi imodzi yokha, ya mu 1752. Zaka zimene anagwira ntchito ku Lisbon, kwa Mfumu João V, zili mu mdima chifukwa chivomezi cha mu 1755 chinawononga nyumba yachifumu pamodzi ndi mabuku ake. Ali moyo, buku lalikulu limene iye mwini analitulutsa linali la nyimbo 30 zokha, lija lotchedwa Essercizi losindikizidwa ku London cha m'ma 1738, ndipo n'zimene Kirkpatrick anazipatsa manambala 1 mpaka 30.

Zambiri mwa zotsalazo zinatifika kudzera mwa wophunzira wake, Maria Barbara, mwana wa mfumu ya ku Portugal, amene mu 1729 anakwatiwa ndi Fernando, amene pambuyo pake anakhala mfumu ya ku Spain, n'kumutenga mphunzitsi wakeyo kupita naye kumeneko. Alembi anakopera nyimbozo m'mabuku 15 a mfumukaziyo, awiri a mu 1742 ndi 1749, ndipo 13 otsalawo a pakati pa 1752 ndi 1757. Mfumukazi itamwalira mu 1758 inasiyira mabuku ake a nyimbo woimba wotchuka Farinelli, amene anabwerera nawo ku Italy. Lero mabuku amenewo ali ku Venice, m'laibulale ya Marciana, ndipo muli sonata 496, pamene m'mabuku ena 15 a ku Parma muli 463, koma si zonse zimene zili uku zimene zilinso uko. Munthu wofuna kuwerenga nyimbozi amayenera kuyerekeza tsamba ndi tsamba, kuona zobwerezedwa, kuona zosowa, ndiponso kuweruza pamene alembi awiri asiyana notsi. Imeneyi si ntchito ya kalaliki wamba, chifukwa amene sadziwa kuimba nyimbozo sangadziwe kuti ndi mlembi uti amene dzanja linamuterereka.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda. Kirkpatrick atafika ku Madrid m'zaka za m'ma 1940, anatsegula buku la manambala a telefoni n'kupezamo dzina lakuti Scarlatti. Ataimba, anapeza kuti ndi adzukulu a mbumba ya wopeka nyimbo uja, ndipo anali akusungabe mapepala a banja lawo amene ofufuza anali asanawaonepo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa panafunikanso munthu wosanyozera chinthu chapafupi.

Mayi Woimba Limba:
Ine ndiyankhulepo monga munthu amene anapsa ndi buku la Longo. Ndili mtsikana ndinagula buku lakale la sonata za Scarlatti kwa wogulitsa mabuku ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndinaphunzira sonata ina mwakhama kwa miyezi itatu, kutsatira chizindikiro chilichonse cha pokweza ndi potsitsa mawu. Tsiku loyesedwa, woyesayo anandiimitsa pakati n'kundifunsa kuti manotsi ena a dzanja lamanzere ndawasiya kuti. Ndinamuonetsa buku langa, iye n'kundionetsa lake, ndipo ndinaona kuti pamene Scarlatti anaunjika manotsi oyandikana kuti amveke ngati akukangana, buku langa linali litachotsa ena kuti pamveke mosalala. Zizindikiro zonse zimene ndinkazilemekeza zija sizinali za Scarlatti, zinali za mkonzi.

Sindikumunyoza Longo, chifukwa m'nthawi yake anthu ankakhulupirira kuti nyimbo zakale zimafunika kukonzedwa kuti zigwirizane ndi piyano yamakono, ndipo popanda iye mibadwo iwiri ya oimba sikanadziwa n'komwe nyimbo zambirizi. Koma amene akufuna kumva chimene ndikunena amvetsere K. 175 kapena K. 119 poimbidwa pa harpsichord. Muli malo amene dzanja limagwa pa makiyi ngati munthu akukwapula zingwe zonse za gitala nthawi imodzi. Kirkpatrick ananena motsindika kuti phokoso limenelo si kulakwitsa kwa mlembi koma ndi dala, ndipo analigwirizanitsa ndi nyimbo za anthu wamba za ku Spain zimene Scarlatti ankamva, makamaka zaka zinayi zimene banja lachifumu linakhala ku Seville kuyambira mu 1729. Mu 1953, chaka chimene buku lake lija linatuluka, Kirkpatrick anatulutsanso sonata 60 ndi kampani ya Schirmer, zopanda zowonjezera za mkonzi, ndipo limenelo ndi buku limene linandiphunzitsanso kuyambira pachiyambi. Ndiye kwa ine, bambo a kwaya, ulemuwo ndi woyenera, koma osati chifukwa cha manambala okha.

Wophunzira Piyano:
Zikomo kwambiri, mayi. Ndifunseko chinthu chimene mwina ena onse akuchidziwa. Kodi harpsichord imasiyana bwanji ndi piyano, ndipo kodi ndikulakwa kuimba nyimbozi pa piyano?

Aphunzitsi Opuma:
Pa piyano ukadina kiyi, kanyundo kamamenya chingwe, ndipo ukadina mwamphamvu mawu amakula. Pa harpsichord chingwe sichimenyedwa koma chimakodwa ndi kachinthu kosongoka n'kusiyidwa, monga chala chimachitira pa bangwe, moti kaya udine mwamphamvu kaya mofatsa, kukula kwa mawu sikusintha kwenikweni. Woimba amasonyeza mtima wa nyimbo pogwiritsa ntchito nthawi, kutalikitsa notsi iyi pang'ono ndi kudula iyo msanga. Apa ndi pamene ndimaona kuti zinathandiza kuti wofufuzayo anali woimba. Kirkpatrick anaphunzira ku Harvard, kenako ku Paris kwa Nadia Boulanger ndi Wanda Landowska, ndipo anaphunzitsa ku Yale kuyambira mu 1940 mpaka mu 1976. Zimene analemba zokhudza kudumphitsa manja ndi kupingasitsa dzanja lina pamwamba pa linzake anali ataziyesa yekha ndi zala zake.

Anaonanso kamangidwe ka nyimbozi. Pafupifupi sonata iliyonse ili ndi zigawo ziwiri, chilichonse chobwerezedwa, ndipo iye anasonyeza kuti m'chigawo chilichonse muli malo amene nyimbo imakhazikika n'kuyamba ulendo wotsikira kumapeto, ndipo kuyambira pamenepo zigawo ziwirizo zimayenda mofanana ngakhale zili m'makiyi osiyana. Malowo anawatcha crux. Mwanawe, ukapeza malo amenewo mu K. 380 yako, uona kuti ntchito yoloweza yachepa kwambiri. Za kuimba pa piyano usade nkhawa, sukulakwa.

Wokayikira:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndikuona kuti tikuthamangira kuveka munthu nkhata tisanamve mbali inayo. Ndikupepesa kwa aphunzitsi, amene ndimawalemekeza, koma mndandanda wa Kirkpatrick uli ndi chilema chachikulu pa tsinde pake penipeni. Iye anatenga zaka zimene alembi anakopera nyimbo ngati kuti zikusonyeza nthawi imene nyimbozo zinapekedwa. Popeza mabuku 13 anakoperedwa pakati pa 1752 ndi 1757, iye anafika pa ganizo lakuti Scarlatti anapeka sonata zake zambiri m'zaka zomaliza za moyo wake, ali ndi zaka pafupifupi 70. Koma tsiku lokopera si tsiku lopeka. Munthu akhoza kusonkhanitsa muukalamba zimene analemba pa zaka 30 n'kuzipereka kwa mlembi. Giorgio Pestelli mu 1967 anatulutsa mndandanda wina, wa chilembo P, wosanjidwa potengera kapekedwe ka nyimbozo, ndipo Joel Sheveloff mu 1970 anaunikanso mabuku akalewo n'kusonyeza malo ambiri amene umboni sukukwanira kuchirikiza zimene Kirkpatrick ananena motsimikiza.

Chachiwiri ndi nkhani ya piyano imene aphunzitsi ayidutsa msanga. Mndandanda wa katundu wa Mfumukazi Maria Barbara umasonyeza zoimbira za makiyi 12, ndipo zisanu mwa izo zinali mapiyano opangidwa ku Florence, mzinda umene Bartolomeo Cristofori anatulukira piyano cha m'ma 1700. Kirkpatrick ankazidziwa zimenezi, pakuti ndi iye amene anaziika m'buku lake, koma anazichepetsa mphamvu, ndipo sindingalephere kuganiza kuti n'chifukwa chakuti iye mwini anali wa harpsichord. Ndiye pamene aphunzitsi athu akuti kukhala woimba kunamuthandiza, ine ndikuti kunamutsekanso diso limodzi.

Wosunga Mabuku:
Achimwene, mfundo yanu yoyamba ndikuivomereza yonse, ndipo ofufuza ambiri lero samatenga manambala a K ngati mndandanda wa zaka zopekera. Yachiwiriyo ndikuivomereza theka. Kirkpatrick sanangokana piyano chifukwa chokonda chida chake, anapereka zifukwa. Mndandanda womwewo umanena kuti awiri mwa mapiyano asanu aja anasinthidwa kukhala ma harpsichord, ndipo iye anaonanso kuti sonata zambiri za m'mabuku omaliza zimafika pa manotsi okwera amene mapiyanowo analibe, pamene harpsichord yopangidwa ku Spain ya makiyi 61 inkafikako. Mungatsutse kuti zifukwazo sizikutseka nkhani, ndipo mungakhale mukulondola, koma muone kuti umboni umene mukumutsutsa nawo ndi umene iye anakupatsani.

Zinanso zatulukira iye atalemba kale. Mwachitsanzo, tsiku limene Scarlatti anafika ku Lisbon, mu Novembala 1719, linadziwika pambuyo pake kuchokera m'makalata a kazembe wa Papa wa nthawiyo. Buku la mu 1953 silikanatha kukhala ndi zonse. Chimene ine ndimachiona cholemera n'chakuti mu 1972 anatulutsa zithunzi za masamba a mabuku akalewo, m'mabuku 18, kuti aliyense adzionere yekha chimene alembi analemba popanda kudalira mawu a mkonzi. Munthu woopa kutsutsidwa sapereka chikwapu kwa omutsutsa.

Wokayikira:
Pamenepo mwandigwira, ndipo za mabuku 18 aja ndikuzilandira. Koma ndikhalabe pa mfundo yanga imodzi, yakuti wophunzira ngati mng'ono wathuyu akaona K. 380 asaganize kuti ndi nyimbo ya nambala 380 imene Scarlatti anapeka. Ngati tichite mwambo umene aphunzitsi apempha, chenjezo limeneli linenedwe poyambirira, lisabisidwe chifukwa cha ulemu.

Mtsogoleri wa Kwaya:
Ine amene ndinayambitsa kukayika ndasintha maganizo pa za ukalaliki, koma tsopano ndadabwa ndi china. Ngati Pestelli anabwera ndi mndandanda wina pambuyo pake, ndipo ngati onse akuvomereza kuti wa Kirkpatrick suli wolondola pa zaka, n'chifukwa chiyani dziko lonse likulembabe K osati P?

Aphunzitsi Opuma:
Bambo a kwaya, yankho langa ndi la maganizo anga, ndipo ena akhoza kuona mwina. Mndandanda wa Pestelli unadalira khutu ndi chiweruzo cha munthu mmodzi pa nkhani yakuti nyimbo iyi ikumveka yaunyamata ndipo iyo yaukalamba, zimene wina akhoza kuzimva mosiyana. Wa Kirkpatrick, ngakhale kuti tanthauzo limene iye anaupatsa ndi lokayikitsa, unatsatira chinthu chogwirika, chomwe ndi malo a nyimbo m'mabuku akale. Mukachotsa ganizo la zaka zopekera, mndandandawo umatsalabe chithunzi cha mmene alembi anasanjira nyimbozo. Ndiponso Kenneth Gilbert atakonza sonata zonse mwatsopano m'mabuku 11 pakati pa 1971 ndi 1984, anatsatira manambala a K, ndipo Scott Ross atajambula zonse 555 pakati pa 1984 ndi 1985, zimene zinatuluka pa zimbale 34 za kampani ya Erato, anatsatiranso omwewo. Zitafika pamenepo panalibenso wobwerera m'mbuyo.

Achimwene okayikira aja ndikuwayamikira, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Chenjezo lawo tidzalinena poyamba monga apempha. Koma pali mfundo imodzi ya Kirkpatrick imene sitinayikhudze, yomwe ndikufuna kuti ikhale pakati pa kumvetsera kwathu. Iye anaona kuti m'mabuku a ku Venice ndi ku Parma sonata zambiri zinaikidwa ziwiriziwiri, zoyandikana, za kiyi imodzi, kawirikawiri yoyamba yodekha ndipo yachiwiri yothamanga, ndipo anati ziyenera kuimbidwa pamodzi. Longo anazimwaza, moti oimba ankaimba imodzi osadziwa kuti ili ndi inzake. Apanso pali mkangano, chifukwa ena amati amene anaziphatikiza ndi alembi osati wopeka.

Mayi Woimba Limba:
Pa nkhani ya ziwiriziwiri ndingapereke umboni wa makutu anga okha. K. 208 ndi nyimbo yodekha kwambiri, dzanja lamanzere likungoyenda ngati munthu wopita kumunda m'mawa, lamanja likuimba pamwamba ngati mawu a munthu. Ndinkayiimba yokha kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ikatha ndinkamva ngati chitseko chatsala chotsegula. Tsiku limene ndinatsatiza K. 209, imene ili m'kiyi yomweyo koma ikuvina, ndinamva kuti yoyambayo inali kukonza malo. Sindinganene kuti Scarlatti ndiye anafuna zimenezo, koma amene anaziika pamodzi, kaya ndi iye kaya ndi mlembi wake, anali ndi khutu.

Ndiwonjezerenso chimodzi chokhudza munthuyo, popeza tikukamba zomulemekeza. Mu 1976 Kirkpatrick anasiyiratu kuona, koma sanasiye kuimba pamaso pa anthu, ndipo ankaimba nyimbo zimene zinali m'mutu ndi m'zala zake. Sanali wa nyimbo zakale zokha, pakuti mu 1961 anali mmodzi wa oimba awiri oyamba kuimba nyimbo yovuta ya Elliott Carter ya harpsichord ndi piyano, pamodzi ndi Charles Rosen.

Wokayikira:
Mayi, K. 208 ndi K. 209 mwasankha chitsanzo chokomera mbali yanu. Ndikupempha kuti pomvetsera tiikepo awiri ena amene kugwirizana kwawo sikuonekera msanga, ndipo wina aziimba osatiuza manambala, kuti tione ngati tingazindikire ndi makutu okha kuti iti ndi inzake ya iti. Ngati tilephera, ndiye kuti kugwirizanako timakumva chifukwa tinauzidwa kale.

Aphunzitsi Opuma:
Ndavomera, ndipo ndikupempha a Wosunga Mabuku kuti asankhe sonata zisanu ndi imodzi za m'kiyi imodzi, zitatu zodekha ndi zitatu zothamanga, asatiuze kanthu mpaka aliyense atalemba yankho lake. Mwana wathu amene anayambitsa nkhaniyi adzatsegule ndi K. 380 yake pa piyano.

Wophunzira Piyano:
Ndavomera, aphunzitsi, ngakhale kuti manja ayamba kale kunjenjemera. Madzulo ano ndafufuza malo aja munawatcha crux ndipo ndikuganiza kuti ndawapeza m'zigawo zonse ziwiri, koma ndidzakuonetsani pepala kuti mutsimikize. Ndaonanso kuti K. 381 ili m'kiyi yomweyo ndi K. 380, ndiye ndapempha aphunzitsi anga kuti andilole kuphunzira zonse ziwiri. Andiyankha kuti ndiyambe ndamaliza yoyambayo.